Kuwerama Pojambula

Dzuwa la ku Mangochi siligwirizana ndi sikirini iliyonse. Amene munayesapo kuwerenga meseji ya pa WhatsApp mutaima pa mlatho wa Bakili Muluzi masana a mu Okutobala mukudziwa zimene ndikunena. Umatembenuza foni uku ndi uku, kuitchinga ndi chikhatho, kukweza kuwala mpaka kumapeto, koma chimene ukuona ndi nkhope yako yomwe, thukuta lili kamukamu. Pamlathopo ndiye pabwinoko. Pagombe kuwala kumakubwerera kuchokera kumwamba, pamadzi ndi pamchenga nthawi imodzi. Usipa woyanika pathandala nawo umang'anima ngati wina wamwaza tizidutswa ta malata.

Kamera yanga ilibe kabowo koikapo diso. Ndi Sony NEX-5N, mtundu umene unatuluka mu 2011, ndipo inandipeza itadutsa kale m'manja mwa anthu ena. Achimwene anga anaigula ku Joni n'kuitumiza kudzera kwa matransipota, ataikulunga m'jekete pakati pa mapoto ndi bulangete la anganga. Kwathu kuno zimenezi sizidabwitsa munthu. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi ana ake ku Joni, ndipo masofa, njinga ndi mafoni ambiri amene mumawaona anabwera pa msewu womwewo. Kamerayi ndi yaing'ono, imakwana m'thumba la jekete lomwe inabweramo. Zonse umaonera pa sikirini ya kumbuyo ya mainchesi 3. Sikiriniyo imapendekeka: ukaikoka imadzuka kuyang'ana kumwamba pafupifupi madigiri 80, kapena kuzyolika kuyang'ana pansi madigiri 45. Pansi pa mtengo wa mango zimenezi n'zokoma kwabasi. Pagombe la Makawa 11 koloko, sikirini yoyang'ana kumwamba imangosanduka kalilole woonetsa mitambo.

Vuto linakula chifukwa cha lenzi. Ndimagwiritsa ntchito Helios 44-2, lenzi yakale ya 58mm yopangidwa ku Soviet Union, yolumikizidwa ku kamera ndi kachitsulo kozungulira. Ilibe zamagetsi zilizonse, siidzipezera yokha fokasi. Umazungulitsa wekha ndi zala mpaka chimene ukufuna chioneke bwino. Ukaitsegula yonse pa f/2, malo ooneka bwino amachepa kwambiri moti diso la munthu likhoza kutuluka bwinobwino, khutu lake lili chimbuuzi. Ndiye tangoganizani kufunafuna fokasi yotereyi pa sikirini imene sukuiona n'komwe. Kuli ngati kusankha mpunga mumdima.

Miyezi yoyamba ndinkafunda chitenje kumutu, kamera n'kukhala m'katimo. Ojambula akalekale, a makamera a bokosi oima pa miyendo itatu, ankatero ndi nsalu yakuda, choncho sindinkachita nazo manyazi. Ana okha ndi amene ankafa n'kuseka, ati ndikuombeza. Koma m'chitenje mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndipo mu Juni kapena Julayi mwera ukayamba kuomba, dzanja limodzi limangothera kugwira nsalu.

Kanthu kamene kanandichotsa m'chitenje azungu amakatchula kuti loupe. Anyamata a pagombe anangoti kachitini, ndipo dzina limeneli ndi lomwe lakhala. Ndi kabokosi kakuda kobowoka uku ndi uku. Mbali yotakasuka imavundikira sikirini, mbali yopapatiza kuli kagalasi kokuza zinthu katatu ndi kamphira kofewa kotsamiritsapo diso. Pakhosi pake pali kamkombero kamene umazungulitsa kuti kagwirizane ndi maso ako. Tizinthu timeneti tinatchuka Canon itatulutsa 5D Mark II mu 2008. Anthu anayamba kujambula mafilimu ndi kamera ya zithunzi, koma pojambula vidiyo kabowo koikapo diso kamada bii chifukwa kalilole wa m'kati amakhala atadzuka, ndiye aliyense ankadalira sikirini. Makampani ngati Zacuto ndi Hoodman anapangirapo ndalama. Tawoto ndi tokwera mtengo, tina kuposa kamera yanga yonseyi. Kanga kalibe dzina, kanachokera m'mashopu a Matchaina ku Joni komweko.

Kukamangirira pa sikirini yopendekeka ndiye pali nkhani. Njira imodzi ndi ya kachitsulo komangidwa kunsi kwa kamera, pabowo la tripod. Ndi yolimba, koma imafuna sikirini ikhale chigonere, ndiye kupendekeka konse kuja kwatha ntchito. Njira ina ndi ya kafelemu ka maginito komatidwa m'mphepete mwa sikirini. Apa kachitini kamatsatira kulikonse kumene sikirini yaloza, koma kulemera kwake konse, kuphatikizapo mutu wako ukatsamira, kumagwera pa timahinjesi tating'onoting'ono. Kuseri kwa timahinjesito kumadutsa kachingwe kopyapyala ngati pepala, kamene kamanyamula chithunzi kuchokera m'kamera. Kakaduka sikirini yafa, ndipo kamera yopanda kabowo ka diso ikafa sikirini, basi yonse yapita. Ine ndinasankha malegeni. Ndinadula awiri pa tchubu chakale cha njinga ya kabaza, n'kumangira kachitini ku sikirini, chala chachikulu cha kumanzere n'kumachirikiza kunsi. Sikirini ya NEX-5N ndi yotambalala m'mbali kuposa mmene kachitini anakapangira, choncho mipata yolowera kuwala ndinatseka ndi tizidutswa ta patapata. Kukongola ndiye ayi, koma mphepo sinakagwetsepo.

Ukaika diso, gombe lonse limazima. Phokoso la ogula nsomba, mainjini a maboti, wailesi ya pa golosale, zonse umazimva, koma chimene ukuona ndi chithunzi chokha, chachikulu, chowala mumdima, ngati tili ana titalowa m'vidiyo shoo ya kumsika iwo n'kutseka chitseko. Poyamba umaona timadontho ta sikirini titandandalika ngati neti ya udzudzu. Tilipo 921,600 ndipo kagalasi sikatibisa. Kachitini sikaonjezera kanthu pa chithunzi, kamangokuonetsa bwino zimene zilipo kale. Pakapita kanthawi diso limaiwala netiyo. Kamerayi ili ndi njira yoika utoto m'mphepete mwa chinthu chimene chili pa fokasi. Ine ndinasankha wachikasu. Ukamazungulitsa lenzi pang'onopang'ono, chikasucho chimayenda. Chimayamba pa mamba a chambo chimene chili kutsogolo, kukwera pa zala za mayi amene akuchipala, kukafika pa nsidze zawo. Padzuwa, popanda kachitini, ulendo umenewu suoneka.

Chenjezo limodzi kwa amene mungafune kuyesa. Ambirife tinayatsapo pepala ndi galasi lokuza zinthu tili ku pulayimale. Kachitini ndi galasi lomwelo. Pa kamera ya sikirini yosapendekeka kagalasi kamayang'ana pamimba pako, ngozi ndi yochepa. Koma ukadzutsa sikirini, kagalasi kamayang'ana kumwamba chindunji, ndipo ukangochotsapo diso, dzuwa limalowa n'kusonkhana pa kadontho kamodzi pa sikirinipo. Mangochi ali pafupifupi madigiri 14 ndi theka kummwera kwa equator, kutanthauza kuti chakumayambiriro kwa Novembala ndiponso mu Febuluwale, masana dzuwa limakhala paliwombo penipeni. Mnzanga wina wojambula maukwati ku Monkey Bay anandionetsa yake: kabanga kachikasu pakona, kosafufutika, kamene anakapeza atangoika kamera pamchenga kuti amwe madzi. Kanga ndimakaveka sokosi ya mwana nthawi iliyonse diso likachokapo.

Si pena paliponse pamene kamathandiza. Ku chilumba cha Thumbi, anyamata a maboti amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi kuti nkhwazi itsike alendo aijambule. Yesani kutsatira mbalame imene ili m'mwamba inu mukuyang'ana pansi, boti likugwedezeka. Nkhwazi imatola nsomba n'kubwerera mumtengo inu mukufufuzabe kuti kumwamba ndi kuti, ndipo mseru umabwera msanga. Pamenepo ndimagoneka sikirini n'kujambula ngati wina aliyense. Komanso diso likakhala m'kachitini suona chimene chikubwera m'mbali, kaya ndi njinga, funde kapena mbuzi. M'mbali mwa Shire, kumene ng'ona sizisowa, sindiweramira m'kachitini ndili ndekha.

Komabe chimene chandipangitsa kulemba zonsezi si pulasitiki kapena malegeni. Ndi khosi. Sikirini ikayang'ana kumwamba, kachitini kali pamwamba pake, palibe njira ina yojambulira koma kuwerama. Mutu umagwa, msana umapinda, kamera imatsikira cha pachifuwa, ndipo nthawi zambiri umapezeka wanjuta kapena wagwada bondo limodzi. Kajambulidwe kameneka si katsopano. Rolleiflex, kamera ya ku Germany imene inayamba kugulitsidwa mu 1929, unkaiyang'ana kuchokera pamwamba, ndipo m'kachivundikiro kake munali kagalasi kokuzira kamene unkakadzutsa ndi chala. Malick Sidibé wa ku Bamako, amene mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice, anajambula nayo achinyamata ambirimbiri a ku Mali mu situdiyo yake. Mukapeza bandulo fufuzani zithunzi zake. Anthu ake saoneka ngati agwidwa. Amaoneka ngati anthu amene abwera okha kudzaonetsa nsapato zatsopano.

Ife tinaleredwa kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso. Ukamalankhula ndi apongozi maso amakhala pansi. Mtsikana amagwada, mnyamata amavula chipewa n'kunjuta. Tsono kamera wamba imakuuza kuti uchite zosiyana: uimirire njo, utseke diso limodzi, uloze chinthu chakuda pankhope ya munthu. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, imene inamangidwa mu 1903 tauni ino ikutchedwa Fort Johnston, pali mfuti ya Hotchkiss yochokera pa sitima ya Guendolen, ija inakaombera sitima ya Majeremani mu Ogasiti 1914 ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania. Mukadzadutsa, dzaimeni kumbuyo kwake muone mmene woombera ankaimira. Alendo ena amene ndimawaona ku Cape Maclear ndi malenzi awo ataliatali amaima chimodzimodzi, ndipo sindidabwa amayi ochapa m'mbali mwa nyanja akamawatembenuzira msana.

Ndikawerama, munthu amaona pamutu panga, osati diso langa. Bambo ena achikulire osoka ukonde ku Msaka anandiyang'ana nditagwada patsogolo pawo n'kunena kuti, “Koma mwana uyu ulemu, mpaka kugwadira ukonde.” Anzawo anaseka, iwo n'kupitiriza kusoka, mapewa atamasuka. Chithunzicho ndimachikonda mpaka lero. Kamera inali m'munsi mwa chibwano chawo, kotero akuoneka aatali, kumbuyo kwawo kuli thambo ndi phiri, osati mchenga ndi zinyalala za pagombe. Zithunzi zambiri za anthu athu zimene timaziona m'malipoti a mabungwe zinajambulidwa ndi munthu woimirira akuyang'ana pansi, ndiye mwana amaoneka wochepa kuposa mmene alili, maso ali m'mwamba ngati wopempha. Kutsitsa kamera ndi theka la mita lokha, mwana yemweyo amasanduka mwini gombe.

Koma kuwerama komweku kuli ndi mbali ina imene sindiikonda. Anthu ambiri sadziwa kuti munthu woyang'ana pansi akhoza kukhala akuwajambula. Amaganiza kuti ukukonza kamera, kapena ukuonera zithunzi zakale. Pa intaneti ojambula a m'misewu ya ku Ulaya amayamikira zimenezi, ati umatola anthu osadziwa, nkhope zawo zili zenizeni. Pagombe lathu chithunzi si chinthu chopepuka chotero. Kumapeto kwa chaka boma limaletsa makoka ena m'nyanja kuti chambo chiswane, ndipo kuphera nsomba neti ya udzudzu n'koletsedwa nthawi ina iliyonse. Aliyense amadziwa kuti malamulowa ena amawaphwanya, enanso chifukwa cha njala. Chithunzi chimodzi choikidwa pa Facebook, nkhope ndi dzina la boti zikuoneka, chikhoza kulanditsa munthu ukonde umene anautenga pa ngongole. Ine ndimafuna chambo chichulukenso m'nyanja ngati wina aliyense, koma sindine wa Fisheries, ndipo sindifuna kugwira ntchito yawo mobisa, nditavala ulemu wonamizira. Kugwadira munthu uku ukumubera kumandinyansa kuposa kumuloza poyera.

Choncho ndikafika pagombe lachilendo ndimayamba ndaonana ndi a komiti ya pagombe, a BVC, kapena amfumu, kamera ili m'chikwama. Amene ndikufuna kumujambula ndimamuuza kuti kachitinika ndi diso, ndikaweramiramo ndiye kuti ndikumuona iyeyo. Ndikatha, ndimamupatsa kuti aikepo diso lake. Kale ndikaonetsa munthu chithunzi chake padzuwa ankangogwedeza mutu mwaulemu, “Eya, chili bwino,” chonsecho sanaone kanthu. Tsopano amayamba wakhala chete kaye. Ena amaseka. Ena amati fufutani, ndinali ndisanakonze mpango, ndipo ndimafufuta iwo akuona. Mzere wa ana ofuna kusuzumira umatha batire kuposa kujambula kwenikweniko.

Chizolowezi chopereka kachitini m'manja mwa anthuchi ndi chimene chinakafika nacho kwa anganga. Iwo amakhala tsidya la kum'mawa, kupitirira pang'ono Malindi, kumene mapiri a Namizimu amaoneka ngati akutsikira kunyanja. Ndi amene anatilera ine ndi achimwene. Maso awo ndi odabwitsa. Boti likadali kadontho pakati pa nyanja amakuuza kuti ndi la ndani, koma kulowetsa ulusi pa singano anasiya kalekale. Ndi ukalamba wamba, diso limaleka kuona zapafupi. Ndinawagulirapo magalasi owerengera a pamsika. Anawavala tsiku limodzi, n'kuwaika m'chitini cha mabisiketi. “Ndine aphunzitsi ine?”

Chaka chatha achimwene ndi alamu anadalitsidwa ndi mwana wamkazi ku Mayfair, mu Johannesburg. Mapepala awo ndi ovuta, ulendo wobwera kumudzi sukudziwika kuti udzatheka liti. Zithunzi zimabwera pa WhatsApp pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ine ndi amene ndimapita nazo. Anganga ankatenga foni, kuitalikitsa mpaka mkono kuthera, kutsinzina pang'ono, kenaka n'kubweza. “Wakula,” ankatero. Mawu omwewo mwezi ndi mwezi. Kutali kumene maso awo amaona bwino, nkhope ya khanda pa foni imachepa ngati njere ya nyemba. Pafupi pamene ikanakula, pamakhala chimbuuzi.

Tsiku lina ndinawajambula atakhala pamkeka pakhonde akutongola chimanga, n'kuwapatsa kachitini monga ndimachitira ndi aliyense. Kagalasi kameneka kamachititsa diso kuona sikirini ngati ili patali, ndiye diso lokalamba silivutika nayo. Ndinazungulitsa kamkombero pang'onopang'ono mpaka anandigwira dzanja kuti basi, pomwepo.

Anakhala nthawi yaitali osalankhula.

“Amunanga,” anatero, poti ndi mmene amandiitanira akafuna kundiseka, “mwandibweretsera mayi anga m'kachitini?”

Ndinati ayi anganga, ndinuyo amenewo.

“Ndikudziwa. Ndikunena mphunoyi.”

Kenaka anachotsa diso n'kuloza thumba la malaya anga. “Nanga kameneka pa lamya yanuyo sikagwira?”

Ndinamasula malegeni. Sikirini ya foni ndi yaikulu kuposa pakamwa pa kachitini, kotero nkhope ya mwana ndinkaikankha ndi chala mpaka ilowe pakati. Tinayambira chithunzi cha tsiku lobadwa, mwana ali m'kansalu ka kuchipatala, n'kumabwera nazo mpaka cha sabata yathayo, atakhala yekha pa sofa atagwira supuni. Chithunzi chilichonse anganga ankachiyendera ngati munda, mzere ndi mzere: chipumi, makutu, zala. Makutu anati ndi a malemu agogo athu aamuna. Chipumi n'cha kwawo kwa alamu, ndipo anachinena mosakondwa kwenikweni.

Pa chithunzi china, chimene chinakhala m'foni mwanga mwezi wathunthu, anaima pa dzanja la achimwene limene linagwira mwanayo.

“Wotchi iyi inkamuthina popita. Taonani mmene ikulendewera. Akudya koma ameneyu?”

Anandiuza kuti ndiimbe pompo. Netiweki kumeneko imagwira bwino ukaima pa chulu cha kuseri kwa nyumba, ndiye tinapita pachulupo, anganga atanyamula kachitini m'dzanja ngati kapu ya tiyi. Achimwene anayamba n'kukana, kuseka, ati ndi kuzizira kwa ku Joni. Anganga anangokhala chete pa foni, kukhala chete kuja kumene tonse awiri timakudziwa kuyambira tili ana. Kenaka achimwene anavomera kuti ntchito ya mu shopu inatha miyezi iwiri yapitayo, akungogwira maganyu, ndalama ya lendi akuchita kusonkherana ndi anzawo a kumzikiti. Ine amene timalemberana tsiku ndi tsiku anali asanandiuze.

Azana ya madzulo itamveka, anganga analowa m'nyumba kukaswali, kachitini n'kupita nako. Potuluka analibe. Nditafunsa anati kali m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi magalasi aja, ndipo kazikhala momwemo, chifukwa anzawo a nyumba yoyandikana nayo ali ndi zidzukulu ziwiri ku Cape Town, ndipo zithunzi zake palibe wamkulu amene anaziona bwino.

Ndawauza achimwene kuti asavutike n'kugula kena mpaka ntchito itapezeka. Loweruka lino ndili ndi ukwati woti ndikajambule ku Namiasi, 10 koloko m'mawa, pabwalo lopanda mtengo ngakhale umodzi. Chitenje ndachapa kale.